Tsiku lomwe pulinta yanga idakana Chikoreya

Sabata yatha tidacheza za makasitomala obwera ndi fulashi yodzaza mavairasi n'kumalumbira kuti kwawo imagwira bwinobwino. Lero ndili ndi nkhani ya kabokosi kamodzi, kochepa kuposa njere ya mpunga, komwe kadatsala pang'ono kundidanitsa ndi mlongo wanga.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kale kuti ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kuchita fotokope kuno ku Zomba. Pakauntala yanga pamadutsa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, mayeso a sukulu za mkaka komanso zolemba za ophunzira a kukoleji, zomwe nthawi zonse zimabwera nthawi itatha kale. Zonsezi zimakhala m'Chingerezi kapena m'Chichewa, apo ndi apo Chitumbuka ndi Chiyao. Zilembo zake n'zimodzimodzi, moti pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindidadzifunsepo kuti chilembo chimayenda bwanji kuchoka mu kompyuta kukafika papepala. Ndimangodina, pepala lofunda n'kutuluka, kasitomala n'kulipira.

Lachitatu lina masana kudafika mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene adapeza mwayi wokaphunzira ku yunivesite ina ku South Korea. Adaika fulashi pakauntala.

"Amalume, mundisindikizireko izi. Mawa m'mawa ndikwera basi ya ku Lilongwe. Zikufunika zikaperekedwe pofika Lachisanu, apo ayi ulendo wonse wafera m'mazira."

Ndidamuuza kuti akhale pabenchi, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mu fulashimo mudali mafayilo atatu omwe sukuluyo idatumiza: kalata yomulandira, fomu yoti asaine, ndi malangizo a zoyenera kuchita akafika. Kalata ndi fomu zidali m'zinenero ziwiri, mzere wa Chikoreya pamwamba, wa Chingerezi pansi.

Ndidayamba ndi fomu. Pepala litatuluka ndidaona Chingerezi chili bwinobwino, koma pomwe pamayenera kukhala Chikoreya padandandalika timabokosi topanda kanthu, mzere ndi mzere, ngati njerwa zoyanikidwa padzuwa. Ndidachita zomwe tonse a ntchito iyi timachita. Ndidatulutsa katiriji n'kuigwedeza. Ndidazimitsa pulinta n'kuiyatsanso. Ndidanena kuti fulashi ili ndi vairasi. Mapepala asanu ndi limodzi adathera m'bini ndisanayang'ane pa sikirini n'kuona kuti timabokosi tomwe ndinkaimbira mlandu pulinta tidali kale pomwepo. Pulinta idalibe mlandu, idangojambula zomwe idapatsidwa.

Ndidaimbira mnyamata amene amandikonzera makompyuta. Iyeyu ndi amene adandiikira mtundu wopepuka wa Linux pa kompyuta yanga yakale Windows itayamba kuilemera. Adaseka n'kundifotokozera zomwe ndikufuna nanunso mumve, chifukwa ine ndidazimva mochedwa.

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala. Pali mndandanda womwe makampani a makompyuta padziko lonse adagwirizana, wotchedwa Unicode, womwe udatuluka koyamba mu 1991. Mumndandandamo chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. A wamkulu ndi 65. Phatikizo loyamba la Chikoreya, lomwe limamveka kuti "ga", ndi 44,032. Mukatsegula fayilo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, kaya ndi Windows, Linux kapena macOS, imatenga nambala iliyonse n'kukafufuza chithunzi chake mu font, yomwe ndi nkhokwe ya maonekedwe a zilembo. Ikachipeza imachijambula pa sikirini n'kuchitumiza ku pulinta. Ikachisowa imaika kabokosi, kutanthauza kuti pano pali chilembo, nambala yake ndaiona, koma nkhope yake sindikuidziwa. Akatswiri a makompyuta amatcha timabokosi timeneti tofu, potifanizira ndi chakudya cha soya chodulidwa timabenthu. Ngakhale dzina la Noto, gulu la mafonti aulere lomwe Google idapanga kuti likwanire zinenero zonse, lidachokera pa mawu oti pasakhalenso tofu.

Ndiye kuti mawu a Chikoreya adalimo mu fayilo, osaonongeka. Chomwe chidasowa ndi font, poti amene adapeputsa Linux yangayo adasiya mafonti a zinenero za ku Asia kuti isadye malo.

Ndidafunsa kuti kodi font ya chinenero chimodzi ingadye malo ochuluka bwanji. Apa ndi pomwe mtsikanayo adalowererapo, popeza adali atayamba kale kuphunzira kuwerenga Chikoreya pafoni. Adatenga pepala limodzi m'bini n'kuyamba kundijambulira kuseri kwake.

Zilembo za Chikoreya zimatchedwa Hangul. Ambiri timaganiza kuti n'zofanana ndi za Chitchaina, koma ayi. Ndi afabeti ngati yathu. Adaikonza ndi Mfumu Sejong mu 1443 n'kuilengeza mu 1446, cholinga chili choti munthu wamba, amene analibe zaka zoti n'kuloweza zilembo zikwizikwi za Chitchaina, athe kulemba zakukhosi kwake. Poyamba zilembozo zidali 28, lero zatsala 24: malembo opanda liwu 14 ndi malembo a liwu 10. Mpaka pano anthu a ku South Korea amakhala ndi tchuthi pa 9 Okutobala chokumbukira zilembo zawozi.

Zilembo 24 n'zochepa kuposa za Chingerezi, ndiye bwenzi font yake ili yopepuka. Koma nkhani ili pa kalembedwe. Ife timandandalika zilembo motsatizana kumanzere kupita kumanja. Iwo amasonkhanitsa zilembo za phatikizo limodzi m'kachipinda kamodzi. Mawu oti "han" ali ndi h, a ndi n: h amakhala kumanzere, a kumanja kwake, n pansi pa onse awiri. Aphunzitsi a Sitandade 1 amene amaphunzitsa maphatikizo andimvetsa msanga. Tangoganizani ba, be, bi, bo, bu aliyense atakhala ndi kachithunzi kakekake. Chilembo chimasintha kukula ndi malo malinga ndi anzake omwe chagona nawo m'chipindamo, choncho opanga mafonti ambiri amajambuliratu phatikizo lililonse palokha. Mukawerengera malembo ophatikizana, pali njira 19 zoyambira phatikizo, 21 za pakati ndi 28 zomalizira, kuphatikizapo kusamaliza ndi kanthu. Chulukitsani 19 ndi 21 ndi 28, mupeza 11,172. Amenewo ndiwo maphatikizo omwe font yokwanira ya Chikoreya imayenera kukhala nawo, pomwe ya Chichewa ikhoza kugwira ntchito ndi zithunzi zosakwana 100.

Mnyamata uja adandiuza kuti nditsitse pa intaneti Noto Sans CJK, yomwe Google ndi Adobe adatulutsa mu 2014 ndipo ili ndi Chitchaina, Chijapani ndi Chikoreya pamodzi. Nditaona kukula kwake ndidayang'ana bandulo yanga, yomwe idali itatsala pang'ono kutha, ndipo kuumira kudandigwira. Ndidafufuza n'kupeza font ina yaing'ono ya Chikoreya, yopepuka ngati nthenga. Ndidaiika, ndidatsegulanso fomu, timabokosi tonse tija tidasanduka tizilembo tokongola ta timizere ndi timikombero. Ndidasindikiza, ndidaika pepala mu envelopu, ndidadziguguda pachifuwa. Musaiwale kuumira kumeneku, tikumana nako kutsogoloku.

Kalata yomulandira idali PDF, ndipo idabwera ndi vuto lakelake. Pa sikirini inkaoneka bwino, chidindo cha sukulu chili pakona, Chikoreya chili m'malo mwake. Koma papepala mizere ya Chikoreya idangosowa, padatsala mipata yoyera ngati munda wodyedwa ndi mbewa. Apa ndidaphunzira kuti njira yopita ku sikirini ndi yopita ku pulinta si imodzi. Pakati pa kompyuta ndi pulinta pali kapulogalamu komasulira, komwe amati driver. Nthawi zina kamatumiza chithunzi cha tsamba lonse, koma nthawi zina kamangotumiza manambala a zilembo ndi dzina la font, poganiza kuti pulinta ili nayo m'mimba mwake. Mapulinta akale a muofesi, ngati yanga yomwe ndidagula yogwiritsidwa kale ntchito, amabwera ndi mafonti a zilembo za Chilatini basi. Ikalandira dzina la font ya ku Korea imasowa chochita.

PDF yopangidwa bwino imanyamula font yake m'kati, ngati mlendo wobwera ndi kamba wake. Iyi idangonyamula dzina la font. Pa sikirini kompyuta idabwereka font yomwe ndidangoika kumene ija, koma ngongoleyo sidafike ku pulinta. Mankhwala ake adali osavuta: kusandutsa tsambalo chithunzi kenako n'kusindikiza chithunzicho. Amene muli ndi Adobe Reader, pomwe mumasankha pulinta pali batani la Advanced, ndipo mukalidina mupeza pochonga polembedwa Print As Image. Pepala limachedwa kutuluka, koma limatuluka monga momwe likuonekera pa sikirini.

Fayilo yachitatu idakana ngakhale kutseguka. Dzina lake lenilenilo lidali zilembo zosokonekera, timizere ndi zizindikiro zofunsira, ndipo kumapeto kudalembedwa hwp. Kusokonekera kwa dzinalo ndi nthenda ina, yosiyana ndi ya timabokosi. Unicode isanafale, mayiko ambiri adali ndi mindandanda yawoyawo ya manambala, ndipo makompyuta ambiri a ku Korea akamanga mafayilo pamodzi mu zip amalembabe mayina potsata mndandanda wakalewo. Kompyuta yanga idawerenga manambalawo potsata mndandanda wina, ngati munthu woimba nambala ya nyimbo ya mpingo wina m'buku la mpingo wake. Mukaona timabokosi, dziwani kuti mwasowa font. Mukaona zilembo zachilendo zosakanikirana, kompyuta yasokoneza mndandanda, ndipo ngakhale mutaika mafonti 100 sizingathandize.

Koma hwp ija ndiyo idandiimitsa mutu. Ku South Korea maofesi a boma ndi sukulu zambiri salembera mu Word. Ali ndi pulogalamu yawoyawo, dzina lake Hangul monga zilembo zomwe, ya kampani ya Hancom. Idatuluka mu 1989, yopangidwa ndi Lee Chan-jin ndi anzake. Mu 1998, chuma cha dzikolo chitagwedezeka, kampaniyo idatsala pang'ono kugwa, ndipo Microsoft idalonjeza kuikamo ndalama pokhapokha ikasiya kupanga pulogalamuyo. Anthu a ku Korea adakana. Adachita kampeni yoipulumutsa, mgwirizanowo udathetsedwa, ndipo kampaniyo idatulutsa mtundu wotchipa wa 10,000 won womwe adautcha 815, pokumbukira 15 Ogasiti, tsiku lomwe dzikolo lidamasuka ku ulamuliro wa Japan mu 1945. Nkhani yogwira mtima ndithu, koma madzulo amenewo kwa ine idangotanthauza kuti ndili ndi fayilo yomwe pulogalamu iliyonse ya m'shopu mwanga ikuikana.

Hancom ili ndi pulogalamu yaulere yowerengera mafayilo amenewa, koma pa kompyuta yanga sidali yoti n'kuikapo msanga. Njira yachidule idali kupempha a kusukuluko kuti atumizenso ngati PDF. Apa dzuwa lidatipikisa. Korea ili patsogolo pathu ndi maola 7. Pomwe tinkalemba uthengawo nthawi ili 5 koloko madzulo kuno, kumeneko kudali pakati pa usiku. Ofesi yawo ikamatsegula 9 koloko m'mawa, kuno imakhala 2 koloko usiku. Mtsikanayo adagona foni ili pamtsamiro, ndipo yankho lidafika tambala asanalire, PDF yabwinobwino yonyamula font yake. Idatuluka kamodzi kokha popanda kukangana nayo.

Lachinayi ndidatsegula shopu 6 koloko kuti ndimalize zonse basi isananyamuke. Mlongo wanga adabwera nawo kudzaperekeza. Ndidayala mapepala atatu aja pakauntala monyadira. Mlongo wanga adawayang'ana, adagwedeza mutu poyamikira, n'kunena kuti, "Achimwene, mwagwira ntchito." Ine ndidali nditatenga kale selotepi yomatira envelopu.

Mtsikanayo sadafulumire. Adatenga fomu ija n'kuyamba kuiwerenga chala chili pamzere, milomo ikugwedezeka ngati mwana wa Sitandade 2. Atafika pa dzina lake adaima.

"Amalume, dzina langa laperewera."

Ndidamuuza kuti nanga likuperewera bwanji poti ndi ili lalembedwa apa m'Chingerezi. Adandiloza mzere wa pamwamba pake, pomwe a kusukuluko adalemba dzina lakelo m'zilembo zawo potsata kamvekedwe. Pakati pa maphatikizo a dzinalo padali kabokosi kamodzi. Ndidakaona dzulo lake, sindinama. Koma fomuyo idali ndi timabokosi tambiri tochongamo, mwamuna kapena mkazi, chipinda cha awiri kapena cha anayi, ndiye ndidangoti nako n'kochongamo. Munthu wosadziwa kuwerenga chinenero sasiyanitsa chilembo ndi chilema.

Kuumira kuja kudandipeza pamenepa. Font yaing'ono ija idali yopepuka chifukwa idalibe maphatikizo onse 11,172. Idali ndi 2,350 okha, ndipo nambala imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1987 boma la South Korea lidakhazikitsa mndandanda wa manambala a zilembo wotchedwa KS C 5601. Malo adali ochepa, ndipo ambiri adaperekedwa ku zilembo za Chitchaina 4,888 zomwe ankagwiritsabe ntchito, choncho adasankha maphatikizo a Hangul 2,350 omwe amapezeka kawirikawiri, enawo n'kuwasiya panja. Pa nkhani za tsiku ndi tsiku zinkakwanira. Koma mawu a kumudzi, mawu obwereka ndi mayina ena adayamba kukanika kulembeka. Chitsanzo chomwe anthu a kumeneko amakumbukira mpaka lero ndi sewero la pa wailesi yakanema la mu 1990, lomwe dzina lake limayamba ndi phatikizo loti "ttom". Phatikizolo mumndandandamo mudalibe, moti makompyuta otsata muyezo wa boma ankalephera kulemba dzina la sewero lomwe dziko lonse linkaonera. Padali mkangano waukulu pakati pa ofuna mndandanda wa maphatikizo okonzeratu ndi ofuna kuti kompyuta izimanga yokha phatikizo lililonse kuchokera ku zilembo zake. Microsoft idadzawonjezera maphatikizo 8,822 otsalawo m'nthawi ya Windows 95, ndipo mu 1996 Unicode idapereka malo kwa onse 11,172.

Manambala adakwanira, koma kujambula zithunzi 11,172 ndi ntchito yodula, choncho mpaka lero mafonti ambiri a Chikoreya, makamaka okongoletsera, amalekera pa 2,350 paja. Kwa munthu wa ku Seoul wolemba kalata wamba, mwina chaka chitha osakumana ndi kabokosi. Koma dzina la kwathu kuno likamalembedwa m'zilembo zawo limatha kufuna phatikizo lomwe mawu awo saligwiritsa ntchito kawirikawiri. Chosankha chomwe akuluakulu ena adapanga mu 1987, mtsikanayu asanabadwe, chidadzadula dzina lake pakauntala ya ku Zomba.

Kodi akadapereka fomuyo choncho chikadachitika n'chiyani? Mwina wolandirayo akadangoona Chingerezi n'kudinda. Mwinanso akadaibweza poti dzina la pafomu silikugwirizana ndi la pakalata, ndipo Lachisanu likadadutsa mtsikanayo ali pamzere wa shopu ina ku Lilongwe. Amene mudabwezedwapo ku ofesi chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika pa chiphaso mukudziwa kuti zoterezi si nthabwala. Mlongo wanga sadanene kanthu, adangondiyang'ana. Kuyang'ana kumeneko ndidakudziwa kuyambira tili ana.

Ndidathamangira kwa wogulitsa mayunitsi, ndidagula bandulo yomwe ndinkaikaniza dzulo lake, ndidatsitsa Noto ija. Mphindi iliyonse ndinkayang'ana babu, kupempha kuti magetsi asazime. Itatha kulowa ndidachotsa font yaing'ono ija, ndidatsegula fomu, kabokosi kaja kadasanduka phatikizo. Poti kalata ija nayo idabwereka font yomweyo, ndidaisindikizanso. Ulendo uno mtsikanayo adawerenga mapepala onse mzere ndi mzere, ine nditagwira foni yake pomwe mafayilowo ankaoneka bwino, tikufananiza. Basi yoyamba idamusiya, adakwera yachiwiri. Lachisanu masana adatumiza uthenga woti mapepala alandiridwa.

Pambuyo pake nditawerengawerenga za anthu amenewa ndidachita manyazi pang'ono. Buku lakale kwambiri lomwe lilipobe losindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zosunthika ndi la ku Korea. Limatchedwa Jikji, lidasindikizidwa pa kachisi wina wa Chibuda ku Cheongju mu 1377, zaka 78 Baibulo la Gutenberg lisanatuluke, ndipo lero likusungidwa ku laibulale yaikulu ya dziko la France ku Paris. Lidalembedwa m'zilembo za Chitchaina poti Hangul idali isanabadwe. Anthu amene ankasungunula chitsulo n'kuumba chilembo chimodzichimodzi zaka zoposa 600 zapitazo, ine ndidafuna kusindikiza chinenero chawo mopsatira bandulo.

Ndipo tisaganize kuti nthendayi ndi ya ku Korea kokha. Ifenso tili ndi chilembo chathu chomwe chimavutika chimodzimodzi, w wa kachipewa uja wa mu Malaŵi. Mu Unicode nambala yake ndi 373, ndipo timagawana ndi anthu a ku Wales omwe nawonso amamulemba. Kangati mwaona chikalata kapena chikwangwani chomwe w ameneyu waoneka wosiyana ndi anzake, wonenepa kapena wopendekeka, pena kabokosi kapena chizindikiro chofunsira? Chifukwa chake n'chomwechi: font yomwe wolembayo adasankha ilibe chilembocho, ndiye kompyuta idabwereka kwina kapena idangogonja. Kusiyana kwake n'koti zikachitika m'Chichewa timaona msanga n'kukonza, poti timawerenga. Sindidayese n'komwe kuika chilembo cha Chikoreya m'nkhani ino, poopa kuti a Mkonzi angandiimbire foni usiku.

Tsono kwa anzanga a ntchito yosindikiza, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Limbe ndi kwina konse, ana athu ayamba kupita kutali kukaphunzira ndi kukagwira ntchito, ndipo mapepala a zinenero zachilendo azifika pamakauntala athu. Mverani zomwe ine ndidaphunzira ndi thukuta.

Musanadine kalikonse, yang'anani pa sikirini. Ngati pali timabokosi, musavutitse pulinta, ikani font. Pa Windows 10 ndi 11 pali kale font ya Chikoreya yotchedwa Malgun Gothic, ndipo mafonti akale monga Batang ndi Gulim, omwe zikalata zambiri za kumeneko zimafuna, mutha kuwawonjezera mu Settings pa gawo la Optional features posankha Korean Supplemental Fonts. Pa Mac paliponso yakeyake. Pa Linux ikani Noto CJK kapena Nanum, yomwe kampani ya Naver idapereka kwaulere. Chitani zimenezi lero, intaneti ikugwira ndipo kasitomala asanaime pakhomo ndi chikwama cha paulendo. Musatenge font yaing'ono chifukwa choti ndi yaing'ono.

Ngati pa sikirini pali bwino koma papepala pali mipata, vuto lili pakati pa kompyuta ndi pulinta, ndiye sindikizani ngati chithunzi. Mukalandira fayilo ya Word kapena hwp, uzani kasitomala apemphe PDF kwa amene adatumiza, chifukwa nthawi zambiri PDF imanyamula zilembo zake ndipo mizere sisuntha. Ndipo pemphani msanga, pokumbukira maola 7 aja.

Koma chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti pepala lomwe simungathe kuliwerenga musalimate mu envelopu nokha. Timabokosi tikadzaza tsamba lonse palibe vuto, aliyense amationa. Choopsa ndi kamodzi kobisala pakati pa zilembo zooneka bwino. Mwini pepala aliyang'ane mzere ndi mzere pofananiza ndi momwe likuonekera pafoni yake, makamaka dzina, tsiku lobadwa ndi manambala. Ngati nayenso sadziwa kuwerenga, werengani timagulu ta zilembo ngati mukuwerenga mbuzi polowa m'khola: pafoni tilipo tingati, papepala tilipo tingati. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndidatsala pang'ono kudyetsa phulalo mwana wa mlongo wanga.

Pano mtsikanayo ali ku Korea, akuti kukuzizira koopsa ndipo nsima akuilota usiku uliwonse. Mwezi watha adanditumizira chithunzi cha chitupa chake cha kusukulu, dzina lake lili lonse m'zilembo zawo, ndi mawu oti, "Amalume, muwerenge ngati lakwanira." Ndidawerenga timaguluto ndi chala. Tidakwanira. Fomu yolakwika ija sindidaitaye, ndidaimata pakhoma pamwamba pa pulinta, kabokosi kaja nditakazunguliza ndi bolopeni yofiira. Makasitomala akafunsa kuti n'chiyani, ndimawauza kuti ndi satifiketi yanga ya Chikoreya.

Sabata ya mawa tidzacheza za anthu amene amabweretsa chithunzi cha pafoni chochepa ngati sitampa n'kumafuna chituluke chachikulu ngati kalendala, nkhope ili mbee. Mukakhala ndi funso kapena zomwe zidakuchitikirani pa ntchito ngati iyi, lemberani kudzera kwa a Mkonzi. Tsalani bwino.